Diso la Chitsulo

Madzi a Ruo ataphwa tinakapeza kudenga,
kokulungidwa m'chiguduli pakati pa phaso ndi udzu:
kabokosi kachitsulo kakuda, ka diso limodzi,
dzimbiri litayamba kukadya m'makona
monga chiswe chiyambira chitseko.
Mbuzi zinapita. Mapira anapita ndi nkhokwe yomwe.
Iko kanatsala.

Bambo anga, a Zuze Alufandika,
ankakanyamula pa njinga kuchokera ku Makhanga
tsiku logulitsa thonje ku Bangula,
pamene m'matumba mwa anthu munkalira makobidi
ndipo aliyense ankafuna kuoneka woposa mmene analili.
Jekete linali limodzi, la bambo.
Linavalidwa ndi asodzi, odula nzimbe,
ndi mkwati wina wamfupi amene zala zake zinasowera m'mikono.
Wailesi yoimika pambali inalibe mabatire.

Sankakaika pa diso monga muchitira lero.
Ankakagwira pamimba, n'kuwerama,
kuyang'ana m'kagalasi kapamwamba
ngati munthu wosuzumira m'chitsime
kuti aone ngati chidebe chafika.
"Osapuma," ankatero. "Osaphethira."
Kenako: tcha.
Phokoso lochepa kuposa la mtedza ukusweka.

Filimu imaopa kutentha kwa kuno.
Ankaisunga m'chitini, chitinicho pansi pa mtsuko wa madzi,
ndipo ife ana tinkatunga mwaulemu.
Zithunzi zisanu ndi zitatu basi pa mpukutu umodzi,
kenako sitima ya ku Limbe, ndi milungu itatu yodikira.
Pofika zithunzi, kwa ena ukwati unali utatha,
ena anali atapita ku Joni.
Mayi wina wa kwa Tengani analandira mwana wake papepala
patatha masiku anayi chimuikireni.
Sanalire. Anangofunsa
ngati pepalalo limaopa mvula.

Chaka cha njala, tikudya nyika za m'dambo,
filimu inasowa, ndalama nazonso.
Bambo sanaleke kupita.
Ankaimika anthu padzuwa, kuwakonza kolala,
tcha, m'kabokosi mulibe kanthu,
ndipo eni akewo akudziwa.
Amayi anati ndi misala. Iwo anati,
"Sindinalandire khobidi la munthu, Dominga.
Koma ukanaona mmene anaimira."

Nkhope yawo tilibe.
Pa zithunzi zotsala m'nyumba za eni ake
chilipo ndi chithunzithunzi cha chipewa
chitagwera pa mapazi a anthu ena,
poti dzuwa linkayenera kukhala kumsana kwa wojambula.
Ndinapitapo mpaka ku Chiromo kwa mayi wosamudziwa
kukapempha kuona ukwati wake,
ine maso pansi, pa fumbi la patsogolo pa akwati.

Kumbuyo kwa kabokosi kuli kazenera kofiira,
kochepa ngati diso la nkhuku.
Ndapukuta fumbi ndi malovu.
Mukuoneka nambala: sikisi.
Ndiye kuti tsiku lina anapezanso ya filimu, osatiuza.
Ndiye kuti anthu asanu ali m'katimo,
aima mumdima zaka makumi anayi,
osapuma, osaphethira,
kudikira sitima imene njanji yake inakokoloka.

Mdzukulu wanga Tchale akuti titsegule tione.
Sadziwa kuti kuwala kumene kunawalowetsa
ndi komweko kungawafufute.
Iye amajambula mlamba umodzi kakhumi pa foni
n'kutaya zisanu ndi zinayi asanayambe kudya.
Bambo wina wa ku Nchalo wanditchulira mtengo,
akuti akakaika pa shelefu m'malo ake odyera,
pakati pa nyale yakufa ndi simbi yamakala.
Ndamuuza kuti muli alendo.

Ndakaika pa zenera, diso kuloza kumtsinje.
Zatsala zitatu.
Madzulo ano, dzuwa lili kumsana kwake,
ndinavala nsalu yanga ya kutchalitchi,
ndinaima kutsogolo kwake, mapazi pamodzi,
ndinagwira mpweya
mpaka udzudzu unandikumbutsa
kuti kumbuyoko kulibe munthu.